Kumene Magetsi a Printa ya Laser Amathera

Funso: Ndili ndi kashopu kogulitsa zolembera ndi kufotokopa ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, kufupi ndi sukulu. Ndili ndi printa ya laser yaing'ono yatsopanoko, komanso fotokope yakale yomwe ndinagula kwa munthu. Magetsi akathima ndimadalira sola, batire imodzi ya 12V ndi inveta ya mawati 1000. Laputopu ndi mababu zimayenda bwinobwino, koma printa ikangoti iyambe kukoka pepala, inveta imalira n'kuzima. Ngakhale pa magetsi a mumsewu, babu limaphethira makina akamagwira ntchito. Mnzanga akuti ndisamazimitse makinawa masana chifukwa poyaka amadya magetsi ambiri kuposa kungowasiya. Mayunitsi a magetsi olipiriratu a Credelec nawo akunditheranso msanga. Kodi m'kati mwa makinawa muli chiyani chodya magetsi chonchi, ndipo mnzangayu akunena zoona?

Yankho: Bambo, zikomo polemba. Inveta yolira, babu lophethira ndi mayunitsi othera msanga, zonsezi gwero lake ndi chipangizo chimodzi. Chili chakumbuyo kwa makina, pomwe pepala limadutsa lisanatuluke, ndipo ndicho chimachititsa kuti lifike m'manja mwanu lili lofunda. Amisiri timachitchula fuser. Pa magetsi onse omwe printa ya laser imadya ikamasindikiza, ambiri ndithu amathera pamenepo. Laser yeniyeniyo, yomwe makinawa amatchuka nayo, sidya ngakhale wati imodzi.

Kuti mumvetse chifukwa chake pamafunika moto wotere, yambani ndi toner. Toner si inki. Ndi ufa wosalala wa pulasitiki wosakaniza ndi utoto ndi phula pang'ono. M'katiriji, kabokosi kosungamo toner, muli dramu, kachubu kobiriwira kapena kabuluu kaja, kokutidwa ndi mankhwala osunga mphamvu ya magetsi mumdima koma oitaya akangowalidwa. Rola yakuda ya labala yogundana ndi dramu imaipaka mphamvu ya negative paliponse mofanana, mavolti mazana angapo. Kenako laser imawalitsa timadontho malo okhawo omwe payenera kukhala zilembo, ndipo pamenepo mphamvu ija imatsika. Laser siyendayenda ayi. Imaloza pa kagalasi ka mbali zingapo komwe kamota kake kamakazunguza maulendo masauzande ambiri pa mphindi, ndipo kagalasiko ndiko kamaponya kuwala kuchoka mbali imodzi ya dramu kukafika mbali ina. Kamluzu kokwera pang'onopang'ono komwe mumamva pepala lisanayambe kuyenda ndi ka mota imeneyo. Toner, yomwe nayonso ili ndi mphamvu ya negative, imakanidwa ndi malo osawalidwa n'kukamatira pomwe laser yadutsa. Pepala likamadutsa pansi pa dramu, rola ina kuseri kwake imapatsidwa mphamvu ya positive n'kukokera ufawo papepala.

Pofika apa zilembo zangokhala pamwamba, sizinagwire. Mukudziwa zimene zimachitika pepala likakodwa pakati panjira. Mukalisolola, mbali yomwe inali itatulukira kale kumbuyo imakhala yabwinobwino, koma mbali yotsalayo mukaikhudza ndi chala zilembo zimafufutika n'kukudetsani. Mzere wolekanitsa mbali ziwirizo ndi pomwe panali fuser. Ntchito yake ndi ya ayironi yositira zovala, kutentha ndi kupanikiza. Pepala limadutsa pakati pa marola awiri, imodzi yotentha madigiri pafupifupi 180 mpaka 200 pa makina ambiri, inayo ya labala yokankha mwamphamvu, ndipo pulasitiki ija imasungunuka n'kulowerera m'pepala. Pepala lililonse limalowa lozizira n'kutuluka litanyamula kutentha, kotero chotenthetsera chiyenera kubwezeretsa msangamsanga lina lisanafike.

Njira ya ufa ndi magetsi imeneyi anaiyambitsa ndi Chester Carlson ku America mu 1938. Gary Starkweather wa kampani ya Xerox ndiye anaganiza zolemba pa dramu ndi laser, ndipo makina ake anagwira ntchito mu 1971. Printa zotere zinafika pa madesiki a anthu wamba kuyambira 1984, pomwe HP inatulutsa LaserJet yokhala ndi injini ya Canon. Chiyambire nthawi imeneyo, ndondomeko ya dramu, ufa ndi moto sinasinthe. Chomwe chasintha kwambiri ndi kapangidwe ka chotenthetsera, ndipo kusiyana kwa makina anu awiriwo kwagona pomwepo.

Fuser yachikale, yomwe ili m'mafotokope ambiri akale, ndi chubu cha aluminiyamu chokhala ndi babu lalitali la halogen m'kati mwake. Chitsulo chonsecho chiyenera kutentha makina asanavomere ntchito, ndipo zimenezi zimatenga theka la mphindi, nthawi zina mphindi zingapo. Popeza kasitomala sangadikire chonchi nthawi zonse, makina amasunga chubucho chili chotentha tsiku lonse. Ikani dzanja pa fotokope yanu masana palibe kasitomala, mupeza ili yofunda. Pa makina ena mukasuzumira m'timipata ta m'mbali mumaona kuwala kofiirira kukuyaka, kuzima, kenako kuyakanso. Mayunitsi anu akupsera m'menemo, popanda pepala ndi limodzi lomwe lotuluka.

Fuser yamakono ilibe chitsulo chokhuthala. Ili ndi kambale kakatali kopyapyala ka ceramic komwe kamatentha, ndi kachikopa kopyapyala kwambiri kozungulira kambaleko. Chofunika kutenthetsa n'chochepa, kotero pa masekondi pafupifupi 10 yakwana. Canon ndi amene anafalitsa mtundu umenewu m'zaka za m'ma 1990, ndipo HP amautchula Instant-on. Printa yotere ikamaliza ntchito imangoisiya fuser kuti izizire, ndipo podikira imadya mawati owerengeka. Koma kutenthetsa mofulumira chonchi kumafuna kukoka magetsi ambiri nthawi imodzi. Printa yaing'ono yomwe pa avereji imadya mawati 300 mpaka 600 posindikiza imatha kufika pa mawati 1000 kapena kupitirira m'masekondi oyamba aja. Musanyengedwe ndi kuchepa kwa bokosi lake.

Kutenthako pali zokuyang'anira. Pa fuser pagona kachipangizo kotchedwa thermistor komwe kamauza bodi yolamulira makina kuti kutentha kwafika pati, ndipo bodi imatsegula ndi kutseka magetsi kudzera pa switchi yopanda chosuntha yotchedwa triac. Palinso kafyuzi kodula magetsi kutentha kukapyola malire, kuti makina asayake moto. Nthawi iliyonse triac ikatsegula, magetsi ambiri amathamangira ku fuser, mavolti m'mawaya a shopu amatsika pang'ono, babu n'kuphethira. Ndi babu la halogen la m'fuser yachikale zimanyanya, chifukwa kawaya kake kakakhala kozizira kamalola magetsi ambiri kudutsa kuposa kakatentha. Kuphethira pang'ono si matenda. Kukakhala kwakukulu, ndimayamba ndakayikira mawaya a m'shopu momwemo. Chigawo chathu cha Tete chili ndi damu la magetsi la Cahora Bassa ku Songo, lotha kupanga mamegawati 2,075, koma zonsezo zimadzathera pa ka ekisitenshoni kotchipa ka waya woonda komwe kanyamula fotokope, printa, laputopu ndi machaja a makasitomala. Fotokope ikhale ndi soketi yakeyake ya pakhoma, ya waya wa 2.5 mm². Ikamaliza ntchito yaitali gwirani pulagi. Ikakhala yotentha, kapena pulasitiki yachita bulauni pafupi ndi timiyendo take, sinthani lero lomwe, chifukwa moto umatha kuyambira pamenepo.

Tsopano mabodi. Mukatsegula m'mbali mwa printa mupeza mabodi ogwira ntchito zinayi, ngakhale m'makina ang'onoang'ono opanga amaphatikiza ziwiri kapena zitatu pa bodi imodzi. Ya pawa imalandira mavolti 220 ochokera pakhoma n'kuwatsitsa kukhala 24 oyendetsa mamota, fani ndi timaginito tokoka pepala, komanso 5 kapena 3.3 oyendetsa timachipu. Ina, formatter, ndi kakompyuta kakang'ono kokhala ndi purosesa ndi memore yake. Ndiyo imalandira ntchito kudzera pa USB, pa waya wa netiweki kapena pa Wi-Fi, n'kusandutsa tsamba lanu kukhala timadontho. Yachitatu imalamulira injini: imamva masensa a pepala, imawerenga nthawi, imauza laser pothira ndi posiya, ndipo ndiyo imamvera thermistor. Yachinayi imakweza mavolti 24 aja kufika pa mazana ndi masauzande omwe marola a dramu amafuna. Ambiri akamva masauzande a mavolti amaganiza kuti ndiye chidyamagetsi, koma ayi, mphamvu yodutsamo ndi yochepetsetsa, imangokwanira kusuntha ufa. Mabodi onsewa pamodzi ndi mamota amadya mawati makumi angapo basi. Fuser yokha ndiyo sidutsira pa mavolti otsitsidwa aja. Imalandira 220 mwachindunji kudzera pa switchi ya maginito yotchedwa relay ndi triac ija, ndipo mfundo imeneyi muisunge, ibweranso pa nkhani ya inveta.

Chenjezo limodzi ndisanapitirire. Pa bodi ya pawa pali kapasita wamkulu, chipangizo chosunga magetsi, yemwe amasunga mavolti opitirira 300 ngakhale mutazula pulagi. Kutsegula chitseko cha katiriji kulibe vuto, pali switchi yodula mamota ndi laser chitseko chikatseguka, koma zomasula masikuluwu a m'mbali musiyire wodziwa.

Kugona kwa makina, komwe pa menyu kumalembedwa Sleep kapena Power Save, ndi kuzimitsa zigawo zimenezi motsatizana. Fuser imadulidwa, fani imaima, mavolti 24 amazimitsidwa, sikirini imada, n'kutsala kangodya kakang'ono ka formatter kongomvetsera ngati kwabwera ntchito kapena wina wadina batani. Kuyambira pomwe bungwe loona za chilengedwe la boma la America linakhazikitsa chizindikiro cha Energy Star mu 1992, opanga akhala akuchepetsa magetsi a nthawi yogonayi, moti printa zambiri zamakono zimadya wati imodzi kapena awiri, zina osakwana imodzi.

Ndiye tiyeni kwa mnzanu uja. Sakunama dala, waona chinthu choona n'kuchiwerengera molakwa. N'zoona kuti poyaka makina amakoka kwambiri, koma mita siwerenga kukoka kokha, imawerenga kukoka kuchulukitsa ndi nthawi. Yuniti imodzi ya Credelec ndi mawati 1000 kwa ola lathunthu, ndiye kuti ma Wh 1000. Titenge manambala ongoyerekeza, inu mudzaikemo a makina anu kuchokera m'buku lake. Tinene kuti fotokope imakoka mawati 1000 kwa masekondi 30 poyaka. Amenewo ndi ma Wh 8. Tinenenso kuti podikira ili yofunda imadya mawati 60 pa avereji. Ma Wh 8 omwewo imawamaliza pa mphindi 8 zongokhala. Ngakhale ikhale yaulesi yotenga mphindi ziwiri kutentha, ndi ma Wh 33, ofanana ndi kudikira kwa theka la ola. Tsopano isiyeni yofunda maola 10 pa tsiku, masiku 26 pa mwezi: ndi mayunitsi opitirira 15. Ntchito yeniyeni ndi yotani? Mapepala 200 pa liwiro la mapepala 20 pa mphindi ndi mphindi 10, pa mawati 500 ndi ma Wh 83 pa tsiku, mayunitsi ongopitirira 2 pa mwezi. Kudikira kwadya kasanu ndi kawiri kuposa ntchito yomwe makasitomala alipira. Ine zimenezi zimandipweteka ndikaona m'mashopu ndi m'maofesi, chifukwa phindu la fotokope ndi la timeticais tochepa pa pepala, ndipo likutha ndi makina osagwira ntchito.

Chochita n'chosavuta. Pa fotokope lowani pa menyu mufupikitse nthawi yogonera, mphindi 5 kapena 10 zakwana. Ngati menyu ili m'Chipwitikizi, funani pomwe pakukamba za economia de energia. Nthawi ya ana asukulu, pomwe anthu ali pamzere, idzakhala yodzuka yokha chifukwa ntchito ikubwera motsatizana. Ngati ndi yakale kwambiri yosadziwa kugona, muziizimitsa pa switchi nthawi yomwe mukudziwa kuti kulibe anthu. Printa yaing'onoyo musaivutikire, isiyeni izigona yokha masana, kuizimitsa ndi kuiyatsa sikukupulumutsirani kanthu kooneka. Chomwe chimathandiza pa iyo ndi kusonkhanitsa ntchito. Mapepala 20 otumizidwa pamodzi amatenthetsa fuser kamodzi, koma mapepala omwewo otumizidwa limodzilimodzi motalikirana amaitenthetsa maulendo 20. Ngati simugwiritsa ntchito Wi-Fi yake, izimitseni, chifukwa makina ena sagona tulo tofa nato Wi-Fi ikakhala yoyaka. Mukadzagula printa ya laser yosindikiza mitundu, dziwani kuti zambiri zimadziyesa mitundu poyaka ndipo zimatayako toner pochita zimenezo, ndiye imeneyo kugona kumaiyenera kuposa kuzimitsazimitsa.

Usiku zulani mapulagi onse, ndipo chifukwa chachikulu si mayunitsi. Ndi mphezi za m'dzinja. Bodi ya pawa imakhala ili pa magetsi ngakhale makina akugona, ndipo mphezi imalowanso pa waya wa netiweki n'kuotcha formatter. Zimitsani pa batani lake kaye, dikirani fani iime, kenako zulani. Kudula magetsi pepala lili m'kati kumasiya kachikopa ka fuser katapanikizidwa malo amodzi kali kotentha, ndipo posolola pepalalo anthu ambiri amakang'amba.

Pali zina ziwiri zomwe anthu amasokoneza. Toner Save kapena EconoMode imachepetsa ufa, osati magetsi, fuser imatentha chimodzimodzi. Ndipo makina akasiyidwa pa mtundu wa pepala lokhuthala mutasindikiza masatifiketi kapena makadi a ukwati, amapitiriza kuyenda pang'onopang'ono kapena kutentha kwambiri pa pepala wamba. Muzibwezera. Kwanu ku Angónia kuli chinyezi m'dzinja ndi kuzizira mu June ndi July, ndipo pepala lomwa chinyezi limaba kutentha kwa fuser. Mumaona kanthunzi kakutuluka pamwamba pa printa, pepala likupindika, nthawi zina zilembo n'kumasendeka. Rimu ikhale m'chikutiro chake, pa shelefu osati pa simenti, ndipo muziika m'thireyi yokwanira tsiku limenelo. Anzathu a mumzinda wa Tete ndi ku Moatize vuto lawo ndi lina, kutentha kopitirira madigiri 40 mu October ndi November pamodzi ndi fumbi lotseka timipata ta mpweya. Kumeneko katiriji yosiyidwa m'galimoto kapena pawindo imaundana ufa isanatsegulidwe n'komwe.

Inveta tsopano. Yalembedwa mawati 1000, printa imafuna pafupifupi omwewo poyamba, ndipo laputopu ndi mababu zatengako kale gawo lawo. Pamenepo pokha yafika kale pamalire. Koma vuto lalikulu nthawi zambiri limakhala kumbuyo kwake, ku batire. Mawati 1000 pa mavolti 220 ndi ma amp (muyeso wa magetsi odutsa m'waya) osakwana 5, koma pa mavolti 12 ndi ma amp opitirira 80, ndipo mukaphatikiza otayika m'inveta momwemo amayandikira 100. Batire imodzi yotopa, mawaya oonda, ndi timano togwirira pa mitu ya batire tomwe tachita dzimbiri sizingapereke zimenezo. Mavolti amagwa mwadzidzidzi, inveta imaganiza kuti batire yatha, imalira n'kudzizimitsa. Printa ikaleka kukoka mavolti amabwerera, n'chifukwa chake mukayeza pambuyo pake batire imaoneka yodzaza.

Palinso mtundu wa inveta. Zotchipa zambiri ndi za modified sine wave, zotulutsa magetsi odumphadumpha m'malo mwa okwera ndi kutsika mosalala. Chaja ya laputopu siidandaula nazo kwenikweni. Koma kumbukirani kuti fuser imamwa magetsi mwachindunji, ndipo bodi imayang'ana kayendedwe ka magetsiwo kuti idziwe nthawi yotsegulira triac. Kayendedweko kakakhala kolakwika, fuser imatha kutentha mopyola kapena mosakwanira, makina n'kuimika ntchito, n'kuonetsa uthenga, monga uja woyambira ndi nambala 50 womwe printa za HP zimaonetsa fuser ikavuta. Mwayi ukachepa, triac kapena chotenthetsera chimapsa. Kajenereta kakang'ono komwe kamasintha kulira printa ikayamba kalinso ndi ngozi yomweyo. Ndipo ka UPS, kabokosi ka batire koyendetsa kompyuta magetsi akathima, musalumikizeko printa ya laser, opanga ma UPS eniake amaletsa zimenezo.

Ngati mukufunadi kuti laser iziyenda pa sola, pafunika inveta ya pure sine wave, yotulutsa magetsi osalala, ya mawati pafupifupi 2000, mabatire awiri olumikizidwa kupanga mavolti 24 kuti ma amp atsike ndi theka, ndi mawaya aafupi okhuthala omangidwa ndi mabauti. Imeneyo ndi ya printa yaing'ono yokha, fotokope isayandikire. Maganizo anga ndi akuti ndalama zimenezo n'zambiri pa ntchito ya maola ochepa. Printa ya inki ya matanki sidziwa za fuser, imadya mawati 10 mpaka 20 posindikiza, ndipo inveta yomwe muli nayoyo ikhoza kuiyendetsa tsiku lonse. Ili ndi zovuta zake: ndi yochedwerapo, inki ya mtundu wina imasungunuka pepala likanyowa, ndipo mitu yake yotulukira inki imatsekeka ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito. Koma pa tsiku lopanda magetsi ndiyo ingakusungireni makasitomala, laser n'kumadikira magetsi a mumsewu.

Pogula makina ogwiritsidwapo ntchito, werengani kachikwangwani kakumbuyo. Chaja ya laputopu imavomera mavolti 100 mpaka 240, koma printa ya laser imapangidwira mtundu umodzi chifukwa cha fuser. Yolembedwa 110 mpaka 127V, monga zochokera ku America, ikalowa pa soketi yathu imapsa nthawi yomweyo. Zochokera ku South Africa, ku Malawi kapena ku Portugal zili bwino.

Musanaweruze makina aliwonse pa nkhani ya mayunitsi, ayeseni ndi mita yanu yomweyo. Tsiku lomwe shopu ndi yotseka, zimitsani zonse, firiji ngati ilipo, ketulo ndi mababu, lembani nambala ya pa mita, yatsani fotokope yokha muisiye yofunda maola 5 osafotokopa kanthu, kenako werenganinso. Ikakhala ya mawati 60 ija mupeza kwachoka pafupifupi 0.3. Tsiku lina bwerezani mutafupikitsa nthawi yogonera. Manambala awiriwo akakhala aakulu komanso ofanana, ndiye kuti makinawo sakugona ngakhale menyu ikunena kuti akugona, ndipo muziwazimitsa pa switchi. Akakhala ang'onoang'ono onse awiri, fotokope ilibe mlandu, kayeseni firiji.